Wakutsina khutu ndi mnansi

Akuluakulu akati wakutsina khutu ndi mnansi, amatanthauza kuti munthu amene wakuchenjeza za ngozi ndi amene amakufunira zabwino, ngakhale mawu ake atakhala owawa. Kutsina khutu kumapweteka ndithu. Koma mdani sataya nthawi kukuchenjeza, amangoyang'ana ukulowa m'dzenje.

Mwambiwu ukundikumbutsa zimene masitolo anachita nthawi ya Covid-19. Pa 19 July 2021, boma linachotsa lamulo lokakamiza anthu kuvala masiki m'masitolo ku England, mtundu wa Covid-19 wotchedwa Delta ukufalikirabe. Masitolo akuluakulu monga Tesco ndi Sainsbury's anapemphabe ogula kuti azivala ngati angathe. Lamuloli litabwerera chifukwa cha mtundu wina wotchedwa Omicron n'kuchotsedwanso pa 27 January 2022, pempho la masitolowa linali lomwelo.

Ena anadandaula kuti sitolo ntchito yake n'kugulitsa buledi ndi mkaka, zolangiza anthu izisiyire madokotala. Ine ndikuona mosiyana. Boma limathetsa lamulo pa tsiku limene lasankha, koma kachilombo sikamva zolengeza za nduna. Kamayenda mumpweya, makamaka m'nyumba momwe anthu adzazana. Wogula amalowa n'kutuluka, pamene mayi wolandira ndalama amakhala pomwepo tsiku lonse, akupumirana ndi aliyense wodutsa. Ndiye pamzere pali agogo, pali wodwala shuga, pali wina amene akulandira mankhwala a khansa, ndipo sungawadziwe pongowaona nkhope.

Masitolowa sanabweze munthu pakhomo chifukwa chosavala masiki. Anangopempha, chosankha n'kusiyira wogula, ndipo pamenepa anachita bwino.