Backspin Ikalemera, Ukirani!

Anzanga a tenisi ya patebulo, mpira umenewu tonse timaudziwa. Mnzanu waudula pansi, ukubwera pang'onopang'ono mwaulemu. Mwaugunda, wamira mu neti. Mwayesanso, neti. Kachitatu mtima wachita thi, mwayamba kungokankha. Push, push, push, kudikira kuti iye alakwitse. Iye sakulakwitsa. Akudikira inu.

Tasiyani kudikira. Ukirani!

Tamverani izi. Mpira wa backspin ukamabwera, mbali yomwe yayang'anizana ndi bati lanu ikuzungulira chokwera. N'chifukwa chake ukangokhudza labala umathawira pansi. Koma topspin yanunso imafuna kuti mpira uzungulire chomwecho! Ndiye kuti amene mukumuopayo wakuyambirani kale ntchito. Chatsala n'chakuti bati lanu likwere mwaliwiro kuposa mmene mpirawo ukuzungulira. Miyendo muli nayo. Chiuno muli nacho. Bati lili m'manja. Chikusowa n'chiyani?

Pindani mawondo. Osati kungonamizira, tsikani ndithu. Ngati mumasewera ndi dzanja lamanja, phazi lamanja likhale kumbuyo, thupi litsamire pa mwendo umenewo. Bati litsike mpaka cha pabondo, litsegukeko pang'ono. Musathamangire. Mpira udumphe kaye, ufike pamwamba penipeni kapena uyambe kutsika. Ndiyeno nyamukani: mwendo, chiuno, mkono, dzanja. Musaumenye mpirawo. Ukwecheni, monga timakwechera machesi, bati likathere cha pamphumi. Mukamva kuti kho, mwamenya ndi thabwa. Yokwecha bwino simveka kutali, koma mpira umakwera, kulumpha neti, n'kugwera patebulo mwaukali.

Netiyo, pajatu, ndi masentimita 15.25 okha. Mantha ndiwo amaitalikitsa.

Mwina mukuti, “Koma amene ndimasewera nayeyu amadula moopsa.” Amaposa Joo Sae-hyuk wa ku South Korea? Katswiri ameneyu ankaima kutali ndi tebulo, n'kumadula mpira mpaka mikono ya anzake kulefuka. Mu 2003 adafika mu fainolo ya mpikisano wa dziko lonse ku Paris. Amene adakumana naye mu fainoloyo, Werner Schlager wa ku Austria, sadangoima n'kumakankha. Adakweza mpira, kukwezanso, kukwezabe, mpaka chikho n'kutenga. Nanga Quadri Aruna wa ku Nigeria? Forehand yake idagwetsa Timo Boll pa masewera a Olimpiki ku Rio mu 2016, iye n'kukhala munthu woyamba wa mu Africa kufika mu ndime ya osewera 8 omaliza a tenisi ya patebulo pa masewerawa.

Tsono mawa pitani kutebulo. Pezani mnzanu wodula bwino, mumuuze kuti asakumvereni chisoni. Adule, inu mukweze. Adule, mukweze. Wamira mu neti? Tsikani kwambiri, tsegulani bati, onjezerani liwiro. Wapitirira tebulo? Sekani, chifukwa neti mwaidutsa! Tsekaniko bati pang'ono, mkono upite chakutsogolo. Yang'anitsitsaninso dzanja lake, poti ena amachita ngati adula kwambiri pomwe angoukhudza chabe.

Ntchafu zipweteka. Zipweteke! Thukuta lituluka. Lituluke! Mapointi ena muwataya, koma muwataye mukuukira.

Ndipo mukakweza woyamba n'kulowa, musaime kumadzisirira. Iye akatchinga, mpira ubwerera mwachangu, tsopano uli ndi topspin. Bwererani pamalo, bati litsekeke, wachiwiriwo muutumize kutsogolo ndi mphamvu zonse!