Chizolowezi, chifuniro ndi funso la tchimo

Pakati pa zinthu zimene munthu amachita ndi thupi lake pali zina zimene mwini wakeyo sazifuna, amachita nazo manyazi, ndipo amalumbira kawirikawiri kuti wazileka, koma dzanja limabwerera komweko iye asanazindikire. Kudya zikhadabo mpaka nsonga za zala zituluke magazi, kudzizula tsitsi kapena nsidze, ndiponso kutokosa khungu pamene pali kachiphuphu, ndi zizolowezi za mtundu umenewu. Funso limene zimadzutsa si lachipatala lokha, pakuti limakhudza chiphunzitso cha mipingo ndi nzeru za makolo zomwe: munthu akachita chinthu chimene chifuniro chake chikukana, mlandu ndi wa yani?

Ku Furancungo, likulu la boma la Macanga m'chigawo cha Tete, ngakhalenso ku Tsangano kumalire ndi Ntcheu, tsitsi ndi zikhadabo sizitengedwa ngati zinyalala wamba. Tsitsi limametedwa pothetsa maliro ndi pachinamwali, ndipo ambiri satayira poyera tsitsi lometedwa kapena zikhadabo zowengedwa, poopa kuti mfiti ikazitola ilodzera mwini wake. Choncho mtsikana akaoneka ndi kadazi pamutu, ndipo mankhwala a chipere akalephera, pakhomo pamamveka mawu akuti mwanayu akumetedwa usiku. Komabe woyang'anitsitsa amaona kusiyana. Pachipere khungu limatuwa ndi kufunduka, pamene pamalo pozulidwa khungu limakhala labwinobwino, m'mbali mwa dazilo simuzungulira bwino, ndipo titsitsi totsalira timasiyana kutalika chifukwa sitinaduke tsiku limodzi. Mtsikanayo akafunsidwa amakana, n'kumangitsa duku lake, ndipo nthawi zina sakhala akunama ayi, popeza mbali ina ya ntchitoyo imachitika maganizo ali kwina.

Dokotala wa matenda a khungu wa ku France, François Henri Hallopeau, ndiye anapatsa vuto lodzizula tsitsi dzina lakuti trichotillomania m'chaka cha 1889, ndipo m'chaka cha 2013 buku la madokotala a maganizo a ku America lotchedwa DSM-5 linaika vutoli m'gulu limodzi ndi matenda okakamiza munthu kubwereza maganizo kapena zochita. Limagwira munthu mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 alionse, ndipo limakonda kuyamba pa zaka 10 mpaka 13, msinkhu womwewo umene mwana amatha msinkhu ndi kulowa m'manja mwa anamkungwi. Akatswiri amasiyanitsa kuzula kwa mitundu iwiri. Kwina kumachitika munthu asakudziwa, akumvera wailesi kapena akuwerenga; kwina kumatsatira kubanika kwa mumtima, kumene kumakula mpaka tsitsi limodzi litazuka, kenaka pamabwera mpumulo wa kanthawi. Mpumulowo ndiwo msampha, chifukwa mbali za mkati mwa ubongo zimene zimasunga luso lobwerezedwa, monga kupalasa njinga, zimaphunzira kuti nkhawa ikabwera dzanja lipite kumutu, ndipo zikaphunzira sizipemphanso chilolezo.

Anthu oganiza mozama analimbana ndi nkhaniyi madokotala asanaipatse dzina. Socrates ankaphunzitsa kuti palibe amene amachita choipa akuchidziwa bwino kuti ndi choipa, koma Aristotle anaona kuti anthu amagonja ku chilakolako ngakhale akudziwa, ndipo kugonjako anakutcha akrasia, kutanthauza kusowa mphamvu yodzilamulira. Mtumwi Paulo, m'mutu 7 wa kalata yake kwa Aroma, akufotokoza nkhondo yomweyo ya munthu wofuna chabwino koma n'kumachita chimene amadana nacho, ndipo Augustine wa ku Hippo anaonjeza kuti chilakolako chikatumikiridwa chimasanduka chizolowezi, chizolowezi chikapanda kukanidwa chimasanduka ukapolo. Maganizo onsewa amafotokoza bwino woledzera kapena wachigololo, amene poyamba anasankha, koma sakwanira pa mwana wa zaka 11 amene sanasankhepo kalikonse. Wothandiza kwambiri apa ndi Thomas Aquinas, amene anasiyanitsa ntchito zochokera mu nzeru ndi chifuniro, zomwe zokha zingayamikidwe kapena kudzudzulidwa, ndi zochita zimene zimangochitika mwa munthu, ndipo chitsanzo chimene anakambapo ndi cha munthu wosisita ndevu zake maganizo ali pa zina.

Mipingo iwiri yakale ya dera lino, wa Katolika umene ansembe ake a chipani cha Jesuit amatumikira pa mishoni ya Fonte Boa ku Tsangano, ndi wa Igreja Reformada em Moçambique, imasiyana pa kamvedwe ka chilakolako chobadwa nacho. Akatolika amati chilakolakocho chimakokera ku tchimo koma pachokha si tchimo mpaka chifuniro chitavomera, ndipo Katekisimu wawo wa mu 1992 amatchula chizolowezi, mantha ndi zovuta za m'maganizo pakati pa zinthu zimene zimachepetsa kapena kuchotseratu mlandu. A Reformed amati kuipa kwa chibadwidweko n'kochimwa kale pamaso pa Mulungu. Ngakhale zili choncho, ziphunzitso ziwirizi sizipereka maziko otchulira kudya zikhadabo kuti ndi tchimo, popeza palibe lamulo la Mulungu limene wakudyayo akufuna kuliswa. Chimene chilipo ndi kufooka kwa thupi, m'bale wake wa chibwibwi, osati wa kuba.

Choopsa chimabwera pamene vutoli lamasuliridwa kuti ndi chiwanda kapena ufiti. Mwana akapemphereredwa kuti chimutuluke, kapena akatemeredwa mphini kwa sing'anga, amatha kuleka masiku angapo chifukwa maso a onse ali pa iye, koma dzanja likabwerera mlandu umakhala utakula, pakuti tsopano akumunena kuti alibe chikhulupiriro kapena kuti iye yemwe ndi wogwirizana ndi afiti. Tsabola wopakidwa ku zala, chikoti ndi kumunyoza pagulu zimabala zomwezo, chifukwa manyazi amakulitsa nkhawa imene chizolowezicho chimadyapo. N'zodabwitsa kuti m'dera lolima fodya chonchi, agogo amene sangathe ola limodzi osanunkhiza fodya wa m'mphuno palibe amawanenera chiwanda, ngakhale nawonso ali mu ukapolo monga mdzukulu wawo.

Izi sizikutanthauza kuti chifuniro chilibe gawo. Gawo lake lili patsogolo pa mchitidwewo, osati pakati pake, ndipo izi ndi zimene Nathan Azrin ndi Gregory Nunn anaonetsa m'chaka cha 1973 pofalitsa njira yosinthira chizolowezi. Munthu amayamba waphunzira kuzindikira nthawi, malo ndi kamvekedwe ka m'thupi zimene zimatsogolera dzanja, kenaka akamva kuti layamba ulendo amalipatsa ntchito ina yotsutsana nayo, monga kufumbata nkhonya kwa mphindi imodzi, ndipo wachibale mmodzi amamukumbutsa mofatsa, mosakalipa. Pakhomo la mlimi ntchito zotangwanitsa zala sizisowa: kuswa mtedza, kutonola chimanga, kusankha fodya kapena kuluka mphasa nthawi yamadzulo, imene manja amakhala chabe. Ufulu wa munthu wotere suyezedwa ndi kuchuluka kwa malumbiro ake, koma ndi mmene amakonzera malo ndi nthawi kuti dzanja lisapeze mpata.

Pamenepa ndi pamene mlandu weniweni ungayambire, ndipo waukulu umagwera akuluakulu. Mwana wothandiza m'munda wa fodya amene amadya zikhadabo amameza dothi, mazira a njoka za m'mimba ndi zotsalira za mankhwala opopera, ndipo amene amatafuna ndi kumeza tsitsi lozulalo angathe kupanga mpira wa tsitsi m'chifu, umene umachotsedwa ndi opaleshoni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma la Mozambique lakhala likuphunzitsa azachipatala otchedwa técnicos de psiquiatria kuti chithandizo cha matenda a maganizo chifike m'maboma, kotero kholo limene lauzidwa za vutoli koma n'kusankha kumubisa mwana mu duku poopa zonena za anthu lachita chinthu chimene nzeru ndi chifuniro chake zonse zinalipo pochichita.