Mana Alibe Mkute

Lamulungu la 18 pa Chaka, Chaka B. Mawu a Mulungu: Eksodo 16 ndi Yohane 6:24-35

M'mawa uliwonse kusanayere bwino, msewu wa Masauko Chipembere umakhala utadzaza kale ndi anthu oyenda pansi. Ena achokera ku Ndirande, ena ku Bangwe, ena ku Zingwangwa, ndipo ambiri amakaima pa mageti a makampani a ku Maselema kudikira kuti mwina kapitawo atuluka n'kuloza anthu angapo okasenza katundu. Amene walozedwa amadziwa kuti madzulo adzera pamsika n'kugula kajumbo ka ufa kaja anthu amati walkman, kamulu ka bonya ndi makala ongokwana kuphikira kamodzi. Amene sanalozedwe amabwerera wapansi njira yomweyo, akusinkhasinkha chimene akawauze ana. Anthu amenewa sasowa wowamasulira tanthauzo la chakudya cha tsiku limodzi. Amalidziwa kuposa mlaliki aliyense.

Kuwerenga koyamba kwa lero kukukamba za anthu onga iwowa. Pa mwezi wachiwiri chitulukire ku Ejipito, Aisraele kamba adawathera m'chipululu, ndipo adayamba kung'ung'udza kwa Mose ndi Aroni, namakumbukira miphika ya nyama ya ku ukapolo. Njala imatero. Imakometsa ngakhale malo amene munthu ankakwapulidwako. Mulungu sadawalange chifukwa cha kudandaulako, koma adawatumizira zinziri madzulo, ndipo m'mawa mame atakamuka adapeza pansi tinthu topyapyala timene sadationepo. Adafunsana kuti n'chiyani chimenechi, ndipo dzina loti mana lidachokera pa funso lomwelo.

Kuwerengaku kwathera pa ndime 15, koma amene angakapitirize mutuwo kunyumba akapeza malamulo amene adatsagana ndi mphatsoyo. Banja lililonse linkatola muyeso umodzi pa munthu aliyense. Linkayenera kulawirira, chifukwa dzuwa likatentha mana ankasungunuka. Ndipo Mose adaletsa kusungako mpaka m'mawa, kupatula pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola miyeso iwiri chifukwa cha Sabata. Ena sadamvere, adabisako. Kutacha adapeza mphutsi zokhazokha ndi fungo loipa. Nsima ya dzulo ana amaidya m'mawa ngati mkute, koma mana adalibe mkute. Kwa zaka 40 mtundu wonse unkagona mbale zili gwa, n'kudzuka kukaona ngati Mulungu wasunganso lonjezo lake.

M'chaka cha 2024 phunziro limeneli silidachokere m'buku lokha. Pa 23 March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Izi zidachitika chaka chimodzi chokha chichokereni namondwe wa Freddy, amene mu March 2023 adagumula mbali ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, nakokolola minda m'maboma ambiri a kummwera. Pakati pa masoka awiriwa, mu November 2023, kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo malipiro a anthu ambiri sadakwere molingana ndi mitengo. Munthu wa m'tauni alibe nkhokwe kuseri kwa nyumba. Nkhokwe yake inali thumba lija linkabwera pa basi kuchokera kumudzi anthu akakolola. M'chaka cha 2024 mabanja ambiri m'malo mwa thumba adalandira foni, achibale akupempha kuti awatumizireko kangachepe.

Pa nthawi yotere mawu oti Mulungu apereka amatha kupotozedwa. Alipo amene amawasandutsa malonda. Amauza mayi wamasiye kuti afese mbewu, apereke ndalama yake yomaliza kwa munthu wa Mulungu, ndipo adzakolola chozizwitsa. Mayiyo amabwerera kunyumba chimanjamanja, wolandira mbewuyo n'kukwera galimoto. Mthenga Wabwino wa lero ukuonetsa kuti Ambuye Yesu sadalole kuti chikhulupiriro chikhale chotere. Khamu litawatsatira mpaka ku Kapernao, iwo adaliuza mosapsatira kuti likuwafuna chifukwa lidadya buledi n'kukhuta, osati chifukwa lidamvetsa chizindikiro. Aliponso amene amati kukhulupirira ndiye kukhala pakhonde kudikira. Koma mana sankagwera m'mbale. Ankagwa panja pa zithando, ndipo wogona mpaka dzuwa kutentha ankagona ndi njala tsikulo. Bambo amene amaima pa geti ku Maselema, mayi amene amakazinga mandasi mbandakucha kuti akagulitse pa siteji, ndiwo akutola mana monga adalamulira Mulungu.

Choopsa chachikulu kwa mkhristu wopita ku Misa Lamulungu lililonse ndi china. Ndi mantha aja amene amatsekesa chitseko nsima ikapsa, kuti mwana wa neba asaone utsi wake. Apa pafunika kulankhula mosamala. Kusunga si tchimo. Yosefe adasunga tirigu ku Ejipito zaka zisanu ndi ziwiri ndipo adapulumutsa mitundu ya anthu. Banja limene lingathe kugula matumba awiri kapena atatu chimanga chisanakwere mtengo likuchita mwanzeru. Chimene chimagwa mphutsi ndi chimanga chounjika m'chipinda kudikira February kuti chidzagulitsidwe pa mtengo wokhoma, ndalama yobwereketsa pa katapira kwa munthu amene akufuna ufa wa ana, malipiro a mtsikana wantchito amene amachedwetsedwa mwezi ndi mwezi pamene mabwana ake sagona ndi njala.

Akuluakulu a m'boma lino la Blantyre amakumbukira njala ya 1949. Wolemba mbiri Megan Vaughan atacheza ndi anthu amene adaiona, amayi ambiri adamufotokozera za amuna amene adachoka ati kukafuna chakudya, osabweranso mpaka njala itatha, ena osabwereratu. Njala isanaphe thupi imayamba yadya chibale. Munthu amayamba kuwerenga amene ali akeake, ndipo chiwerengerocho chimanka chichepa.

Paulo Woyera ankaidziwa bwino nkhani ya mana, ndipo n'zochititsa chidwi kuona pamene adaigwiritsa ntchito. M'kalata yachiwiri kwa Akorinto, mutu 8, akupempha chopereka chothandizira akhristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo akuwakumbutsa kuti m'chipululu wotola zambiri sadatsale nazo, wotola pang'ono sadaperewere. Kwa Paulo, mana a akhristu a ku Yerusalemu anali m'matumba a akhristu a ku Korinto. Pemphero la Atate Athu likunena zomwezo kwa amene angalimvetsere: limapempha chakudya cha lero lokha, ndipo silipempherera munthu mmodzi. Amene walinena atakhuta wapempherera mnzake wa njala, ndipo yankho la pempherolo mwina lili m'khitchini mwake momwemo. Makolo adati kupatsa n'kuika.

Mzinda uno uli ndi umboni wake. M'chaka cha njala cha 2002, Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adafika kuno ku Malawi ndipo adalowa m'nyumba ina mmene mayi ankamwalira atazunguliridwa ndi ana ake. Atafunsa mwana wamkulu, mnyamata wa zaka 14, chimene ankalakalaka pa moyo wake, mnyamatayo adatchula zinthu ziwiri: chakudya chokwanira, ndi mwayi wodzapita kusukulu tsiku lina. Kuchokera pamenepo padayamba Mary's Meals, ntchito yotchedwa m'dzina la Amayi Maria, imene idayamba ndi ana 200 okha. Lero ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno amamwa phala la likuni kusukulu. Ndalama zambiri zimachokera kunja, n'zoona. Koma amene amakoleza moto kusanache, kutunga madzi ndi kutakasa phala m'miphika ikuluikulu ija ndi makolo ongodzipereka a m'madera momwemo, ambiri a iwo amayi amene kunyumba kwawonso ufa ndi wowerengera. Mwana amene wanyamula kapu yake pamzere sadziwa za Scotland. Amangodziwa kuti dzulo phala linalipo, ndipo lero liliponso.

Lamulungu lapitali akhristu adamva za mnyamata wa mabuledi asanu a barele ndi nsomba ziwiri. Ambuye akadatha kudyetsa khamu lija popanda kamba wa mnyamatayo, koma sadafune kutero. Adayamba ndi chimene munthu mmodzi adalolera kuchichotsa m'manja mwake. N'chimodzimodzi ndi mayi wamasiye wa ku Zarefati, amene adatsala ndi kaufa kodzaza dzanja ndi timafuta pang'ono, nayamba waphikira mneneri Eliya. Malembo sanena kuti mtsuko wake udadzaza. Amanena kuti ufawo sudathe. Tsiku lililonse ankapisa dzanja n'kupeza wokwana tsikulo.

Pomaliza pa Mthenga wa lero Ambuye Yesu akudzitcha okha buledi wopatsa moyo. Akadatha kusiyira Mpingo chikumbutso cha mtundu wina, koma adasankha chakudya, chinthu chimene munthu sangadye kamodzi n'kuthana nacho. Pa nthawi ya zopereka wansembe amanyamula buledi n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha chipatso cha nthaka ndi thukuta la anthu, ndipo buledi yemweyo ndi amene amasanduka Thupi la Khristu. Pa mzere wa Ukaristia bwana wa kampani ndi bambo amene adabwezedwa pa geti lake Lachisanu amatambasula manja mofanana, amalandira muyeso wofanana. Paulo adadzudzula Akorinto kwambiri chifukwa pa misonkhano yawo ena ankakhuta mpaka kuledzera pamene anzawo anali ndi njala, ndipo adawauza kuti chimenecho sichinalinso Mgonero wa Ambuye. Sadawaletse kulandira. Adawauza kuti aziyamba adziyesa, ndipo azidikirana.

Kudikirana kumeneku malo ake ndi mphakati. Akhristu a mphakati umodzi amagundana makoma, amatunga pa mpope umodzi, ndipo amadziwa nyumba imene mbaula sinayake masiku awiri, ngakhale mwini nyumbayo atavala bwino n'kuyankha kuti ali bwino. Anthu a ulemu wawo sapempha. Gogo wolera zidzukulu, mnyamata amene ntchito idamuthera, mayi amene mwamuna wake adapita ku Joni n'kungoti zii, onsewa adzaimba nawo pa msonkhano wa mphakati sabata ino, ndipo palibe amene adzatchule njala. Atsogoleri a miphakati ndi amayi a m'mabungwe akudziwa njira yofikira pakhomo potere mosachititsa munthu manyazi: kambale ka ufa kovundikira nsalu, kolowera kukhomo la kuseri, dzuwa litapendeka.