Madzi Atenga Nyumba, Inu Mukutenga Nthaka

Tamverani, inu a ku Kitwe ndi Ndola, inu okhala m'maofesi a khonsolo ndi inu oyenda ndi zingwe zopimira mapuloti. Ndili nanu mlandu, ndipo mboni yanga ndi pepala limodzi lonyowa.

Ndinaliona m'komboni ina ya m'mphepete mwa Kafue, mvula itagwa usiku wonse. Makoma a zidina anali atasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Mayi wina wamasiye sanayambe ndi kuyanika bulangete kapena ufa. Anayamba ndi kalata, kuiyala pa lata lopindika n'kuitsendereza ndi timiyala tinayi. Inali kalata ya tcheyamani wa chipani amene anagulitsa malowo kwa malemu amuna ake. Inki inali itayenderera, chidindo chokha chikuoneka ngati chipsera. Anandifunsa kuti, "Abambo, kodi a boma akabwera adzaivomera imeneyi?" Ndinayang'ana pansi, pakuti ndinkadziwa kuti ngakhale ikanakhala youma sakanaivomera.

Lamulo la malo la 1995 linaika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa Pulezidenti, kuti aisunge m'malo mwa anthu onse. Munthu amangobwerekedwa, zaka 99, ndipo umboni wake ndi taitolo. Wokhala m'komboni yovomerezedwa angathe kulandira kukhonsolo chiphaso cha zaka 30. Koma wogula kwa makadala a chipani alibe chogwira. Nanga anamutuma kudambo ndani? Ndinu. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, anthu zikwizikwi n'kuchotsedwa ntchito, ana awo anakula n'kufuna pogona, koma inu simunapime malo ouma oti wosauka angakwanitse. Munawalekerera makadala, a chipani ichi lero, a chipani china mawa, kuti azicheka madambo ngati nyama ya pamaliro. Madzi saiwala khwawa: agogo athu ankadziwa, mainjiniya anu akudziwa. Maziko akukumbidwa munali chete. Malata akukhomedwa munali chete. Nthawi ya kampeni munafika ndi zitenje, n'kuwatchula anthuwo kuti makolo anu. Nyumba zitagwa, mwawapezera dzina lina: masikwata.

Musanene kuti ndikunamizirani. Ku Mindolo North, muno mu Kitwe, mu 2014 nyumba mazanamazana zinagwetsedwa ndi makina. Ku Kasompe, ku Chingola, mu Ogasiti 2022 nyumba zoposa 300 zinagwetsedwa chifukwa zinamangidwa pamalo a bwalo la ndege. Ogula anagona panja ndi ana awo. Mwa ogulitsa, ndi angati anagona panja usiku umenewo? Amene anaona zimenezi akaona chigumula amaopa pawiri: amaopa madzi, amaopanso kuti akangosamuka, pobwerera adzapeza mpanda wa mwini wina. N'chifukwa chake amakana kukwera galimoto ya owasamutsa, inu n'kumati ndi ouma mutu.

A DMMU, oona za ngozi zadzidzidzi ku ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, amabwera ndi mahema, matumba a ufa ndi kolorini. Tithokoze, njala siidikira. Koma hema alibe malire, ndipo ufa ukatha funso la mayi uja limakhala lili pomwepo: ndimangenso pano, kapena ndikutaya simenti yanga?

Ndipo pali chigumula china chimene sichinachoke kumwamba. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika ku Chambishi. Boma linati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi n'kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama chagada, mipope ya mu Kitwe inatsekedwa, ndege za asilikali zinathira laimu mumtsinje. Ku Kalusale chimanga ndi mtedza zinapsa chiimire. Kunabwera owerengera chipepeso, anawerenga mbewu zimene zinafa. Koma mbewu ndi za chaka chimodzi, pomwe nthaka ndi ya mdzukulu amene sanabadwe. Mlimi amene walima munda zaka makumi awiri popanda taitolo, munda wake ukafa, adzautchula wake pamaso pa yani? Alimi oposa 170 anatengera nkhaniyi kukhoti lalikulu mu Seputembala chaka chomwecho. Zikanayenera kufika pamenepo? Dziko lino ndi la Alamba, amene analima kuno mgodi woyamba wa azungu usanakumbidwe, koma lero pepala la mgodi limalemera kuposa manda a makolo.

Inunso achibale, musabisale kumbuyo kwa boma. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limati nyumba ya banja ndi ya ana ndi mkazi wotsala, ndipo iye akhalemo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Koma khoma likangogwa mumafika ndi mawu ofewa: "Mlamu, nyumba yapita, pulotiyi ndi ya m'bale wathu, inu bwererani kumudzi." Mumadikira mvula kuti ikuchitireni chimene munkachita nacho manyazi pamaliro. Ndipo inu abusa, amene mumalalikira za munda wa Naboti mpingo n'kumavomera, wogulitsa mapuloti a m'dambo mumamukhazika pampando wakutsogolo chifukwa anagula malata a tchalitchi.

Chimene tikufuna si chachilendo. Madzi akaphwa, lembani amene ankakhala pamalo aliwonse, aneba achitire umboni, pepala likhalepo kapena lisakhalepo. Pamene pali potheka kumanganso, perekani chiphaso, ndipo dzina la mkazi lilembedwe pamodzi ndi la mwamuna. Amene ayenera kuchoka m'dambo apatsidwe malo ouma ndi pepala lake asanazule lata loyamba, osati patchire lopanda mpope kapena sukulu. Ndipo wogulitsa khwawa la madzi akayankhe kukhoti, kaya wavala chitenje cha chipani chiti.

Kalata ya mayi uja inauma dzuwa litafika paliwombo. Anaipinda kanayi, n'kuikulunga m'pulasitiki ya shuga, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Kenaka iye ndi mwana wake wamwamuna anayamba kutola zidina zimene sizinasweke, n'kumaziunjika pomwe panali khomo.