Mphamvu za Bambo zinapita kuti?

Bambo anga anafa ziwalo mbali ya kumanja m'dzinja, chimanga chili m'maondo. Kuyambira pamenepo amaswera pakhonde kwathu ku Ulongwe, pampando wandalema, njinga yawo ya Humber itatsamira khoma pafupi nawo. Loweruka lina nditapita kukawazonda anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Aphunzitsi, paja inu mumaphunzitsa ana za mphamvu. Tandiuzani, zanga zinapita kuti? Kodi Mulungu anangondibwereka, ndiye wazilanda?"

Ndinasowa chonena, ine amene ndagwira choko zaka zambiri.

Munthuyu anapalasa njinga kuyambira ine ndisanabadwe. Ankapikula mpunga ku Domasi, n'kumanga matumba awiri pakaliyala, kutsika nawo chitunda cha ku Machinga mpaka pa Liwonde, kuwoloka Shire, kukagulitsa ku Balaka. Ndili mnyamata ndinawaperekezapo kangapo pa njinga yobwereka. Tikafika pamwamba pa chitunda ankaima, n'kufinya mabuleki onse awiri, kukoka zingwe za katundu, n'kupemphera chamumtima. Njinga inali chiimire, mphepo ili zii, koma tonse awiri tinkadziwa kuti ngozi yonse ya ulendowo yagona pamalo pomwe taimapo.

Chimene Bambo ankachiopa pamenepo m'kalasi timachitcha potential energy. Ana anga ndimawauza kuti ndi mphamvu yodikira. Kuti uidziwe kuchuluka kwake umatenga makilogalamu a chinthucho, kuchulukitsa ndi mamita amene chakwera, kuchulukitsanso ndi 9.8, nambala ya chikoka cha dziko lapansi. Ukangotaya buleki, mphamvu yodikirayo imayamba kusanduka kinetic energy, mphamvu ya liwiro. Iyi ndiye yachiwembu, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Mu 1722 Willem 's Gravesande wa ku Netherlands ankagwetsa timipira tachitsulo padongo lofewa n'kumayeza maenje ake, ndipo kampira kofika ndi liwiro lowirikiza kawiri kankakumba dzenje lalikulu kanayi. Émilie du Châtelet wa ku France ndi amene anazifotokoza bwino pambuyo pake. Bambo sanamvepo maina amenewa. Iwo ankangoti, "Chitunda umachigwirira pamwamba, mwana wanga. Kumunsi sichigwirika."

Tikafika pachidikha ankandiuza kuti ndikhudze limu. Inkatentha ngati chiwaya. Mphamvu ya chitunda chija inali italowa mmenemo, ina mumphepo, ina m'matayala. James Joule anasonyeza m'zaka za m'ma 1840 kuti kuyenda kukatha kumasanduka kutentha, mwa muyeso wosaphonya. Palibe chimene chimazimirira.

Apa mpamene panali chiyeso changa. Ndinamvapo mlaliki wina pamaliro akunena kuti sayansi yatsimikiza kuti mzimu sufa, poti mphamvu siifa. Anthu anavomera mokweza. Ndikanatha kuwapatsa Bambo mawu omwewo, akanagona bwino usiku umenewo. Sindinatero, chifukwa ndikudziwa komwe kutentha kwa limu kumapita. Kumamwazikira mumpweya wa pa Liwonde, ndipo ngakhale sikunafe, palibe angakutolere kuti akwezere njinga kubwerera pamwamba. Ngati moyo wosatha uli wotero, ine sindikuufuna, ndipo Bambo anga sindingawalonjeze zimenezo. Ndimakhulupirira kuuka kwa akufa chifukwa cha Iye amene analonjeza. Buku langa la fizikisi silinalembedwe kuti lichitire umboni nkhani imeneyo, ndipo kulikakamiza kutero n'kunyoza chikhulupiriro ndi sayansi yomwe.

Yankho, ngati ndi yankho, linandipeza pa Kamuzu Barrage ndikubwerera kuntchito. Ndinatsika minibasi dala kuti ndiwoloke wapansi. Chipupa chimenechi chinamangidwa mu 1965, ndipo ntchito ya zitseko zake ndi kugwira madzi n'kumawatulutsa mwa muyeso. Kumtunda kwake Shire amaoneka waulesi. Namasupuni amangoyandama, asodzi ali m'mabwato awo, nthawi zina mvuu imatulutsa mphuno. Koma kuchokera cha ku Matope kukafika ku Chikwawa mtsinjewu umatsika mamita pafupifupi 380, ndipo pamathithi amenewo ndi pomwe pali Nkula, imene inayamba kupanga magetsi mu 1966, Tedzani ndi Kapichira. Ndinawerengera ndili chiimire pamlathopo. Ndowa imodzi ya malita 20 itati itsike mamita onsewo popanda chotayika, ingayatse babu la mawati 10 kwa maola awiri.

Tsono tungani ndowa pa Liwonde, mutungenso ina ku Chikwawa. Madzi ndi omwewo, kulemera n'komweko, mutawayeza ndi makina alionse simupezamo kusiyana. Koma ina ingayatse babu lija, inayo yatha kale ulendo wake. Mphamvu yodikira siikhala m'kati mwa madzi ngati mchere. Imakhala pakati pa madziwo ndi dziko limene likuwakoka, pamalo pomwe aikidwa. Ndipo palibe dontho limene linadzikweza lokha. Dzuwa ndi limene linawanyamula ngati nthunzi, n'kukawagwetsa ngati mvula ku Nyika ndi kumapiri a ku Tanzania, mitsinje n'kuwatsitsira m'nyanja ya Malawi imene ili mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula itachepa zaka zambiri zotsatizana, madzi a m'nyanjayo anatsika ndipo Shire analeka kutuluka kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935. Mu Januwale 2022 zinatembenuka. Namondwe Ana anabweretsa madzi onse nthawi imodzi, damu la Kapichira linagumuka, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Mtsinje sunasankhe chilichonse mwa ziwirizi.

Mawu akuti potential energy anawayambitsa William Rankine mu 1853, koma ganizo lake ndi lakale kwambiri. Aristotle ankasiyanitsa chimene chingathe kukhala ndi chimene chakhala kale, monga mbewu ndi mtengo. Thomas Aquinas anatenga ganizolo n'kunena kuti chilichonse choyenda chimayendetsedwa ndi china, ndi kuti Mulungu yekha ndiye alibe mphamvu yodikira, poti Iye sayembekeza wina kuti amukweze. Ife tonse olengedwa ndife onyamulidwa. Shehe wa pafupi ndi kwathu, amene amabwera kudzacheza ndi Bambo ngakhale iwo ndi Akatolika, amanena zomwezo m'mapemphero ake tsiku ndi tsiku, kuti mphamvu zonse n'za Mulungu. Ndimaona kuti awiriwa, atakhala pakhonde, amamvana pa nkhaniyi kuposa mmene ine ndimamvanirana ndi mabuku anga.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Ulongwe. Ndinawauza Bambo kuti mbali yoyamba ya funso lawo analondola. Mphamvuzo zinalidi zobwereka. Zinachokera munsima, nsima inachokera m'chimanga, chimanga chinazitenga ku dzuwa, ndipo dzuwalo sitinalipachike ndife. Koma zoti Mulungu wazilanda ndinakana. Chinthu chimalandidwa chikadali m'manja, pomwe iwo zawo anazigwiritsa ntchito mpaka kutha. Pobwerera ku Domasi ankakankha njinga ija chitunda chonse, itasenza mchere ndi sopo, thukuta lili kamukamu. Phindu la mpungawo linkapita ku fizi yanga ndi ya alongo anga awiri, ku malata a nyumba imene tinakhala pakhonde pakeyo.

"Apa fizikisi yathera, Bambo," ndinatero. "Zotsalazi ndikulankhula ngati mwana wanu. Ndikaima kutsogolo kwa kalasi, ndimadziwa kuti sindinakwere ndekha pamenepo."

Chimene sindinathe kuwayankha ndi chakuti n'chifukwa chiyani munthu amene anakankha zaka zonsezo akhale chonchi, kudikira mdzukulu kuti amutembenuze usiku. Zimandipweteka, ndipo ndimamufunsa Mulungu mosabisa pa Misa iliyonse. Ndinangowauza kuti kwa ine iwo sanachepe chifukwa chokhala pansi, ndi kuti sindikhulupirira Mulungu amene amawerengera munthu mtunda umene wayenda tsikulo.

Anakhala chete kwa kanthawi. Mayi anali kuseri akusinja, munsi ukukwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Kenako Bambo anatambasula dzanja lamanzere, n'kugwira handulo ya Humber ija, n'kufinya buleki. Inalira pang'ono chifukwa cha dzimbiri.

"Aphunzitsi," anatero, "mugule mabuleki atsopano pa Liwonde, muipopenso. Mnyamata wanuyo azikwera popita kusukulu. Koma asanaikwere abwere kuno kaye, ndimuuze za chitunda."