Kodi munda ndi malonda?

Mwana akamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda, makolo amayembekeza kuti akhala mlangizi kapena manijala wa esiteti. Ntchito zikavuta, ena amatulukira msika wina wa luso lawo: kukumanitsa wogulitsa munda ndi wogula, iwo n'kudyapo pang'ono. Amasiyanitsa katondo ndi makande pongofumbata dothi, amadziwa dambo losunga madzi mpaka Okutobala, amadziwanso busa lokwanira ng'ombe makumi awiri. Ndalama zake n'zooneka. Koma kumudzi ndi kutchalitchi alipo akuluakulu omwe amawayang'ana cham'mbali: nthaka yomwe munthu sanailenge angaiikire bwanji mtengo?

Otsutsawo amathamangira kwa Naboti wa ku Yezireeli. Nkhani ya pa 1 Mafumu 21 imakumbukika chifukwa cha chiwembu cha Yezebeli, komatu mwamuna wake, mfumu Ahabu, sanayambe ndi kulanda. Anapempha munda wa Naboti mwaulemu, n'kulonjeza munda wabwino koposa kapena ndalama zokwanira. Naboti anakana osati chifukwa mtengo unachepa, koma chifukwa mundawo unali cholowa cha makolo.

Baibulo lomwelo lili ndi ogula minda osadzudzulidwa. Abrahamu analipira Efroni masekeli 400 a siliva pogula munda wa Makipela kuti aikemo Sara. Yeremiya anagula munda ku Anatoti adani atazinga Yerusalemu, mboni zilipo, kalata n'kulembedwa. Chomwe chimagwirizanitsa nkhanizi chili pa Levitiko 25. Munda unkagulitsidwa ndithu, koma mtengo wake unkawerengedwa potengera zokolola zotsala kufikira chaka cha 50, pomwe unkabwerera ku banja la eni ake. Wogula ankagula zaka zokolola, nthaka n'kukhalabe ya Mulungu. Nyumba ya mumzinda wa linga ndiyo inkatha kupita mpaka kalekale, munda ayi.

Mwambo wa kuno sunatalikirane ndi zimenezi, ndipo kusamvana pa mfundoyi kunakhetsa magazi. Amwenye ndi azungu asanachuluke, mfumu inkapatsa mlendo malo olima, osati kumugulitsa. Azungu oyamba anapereka nsalu, mikanda ndi mfuti, iwo n'kumati agula. Kuyambira 1892 Harry Johnston anawapatsa zikalata za Certificates of Claim, ndipo madera aakulu a kumapiri a Shire anasanduka a anthu ochepa. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ankalipira pokhala ndi thukuta la thangata. Pa 23 Januwale 1915 otsatira a John Chilembwe anapha manijala wake, William Jervis Livingstone.

Komabe kugula malo kunapulumutsaponso osauka. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, inathandiza mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje komwe tiyi anapanikiza midzi, kugula maesiteti ogonera m'maboma ngati Machinga ndi Mangochi. Banja linkapeza pafupifupi mahekitala awiri. Wogulitsa anafuna yekha, wogula anafunanso yekha. Naboti sakanapezapo chifukwa.

Choncho tchimo silili pa ndalama kusinthana manja. Lili pa funso lakuti wogulitsayo ndi mwini wake yekhadi kapena ndi msungi chabe. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe munda ndi wa mbumba. Malume amauyang'anira, koma si wake. Alongo ake, adzukulu ake, ngakhale ana osabadwa ali ndi gawo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, chinthu chothandiza poteteza amayi amasiye, koma pepala lokhala ndi dzina limodzi limathanso kufufuta mbumba yonse tsiku limodzi.

Apa ndi pomwe wa ku Bunda uja ayenera kuyesedwa. Kuyeza nthaka anaphunzira, koma wogula akafika ndi galimoto, kodi amafunsa kuti manda a banjali ali kuti, alongo avomera, ana adzalima pati? Wogulitsa esiteti ya lizi yomwe yangomera tchire kwa alimi osowa polima akugwira ntchito yoyera. Wothandiza malume kugulitsa munda wa mbumba mwakabisira ali mbali ya Ahabu, ngakhale mapepala onse atadindidwa.