UFULU NDI LAMULO: PHUNZIRO LA M'NDENDE YA KU FILIPI

Werengani Macitidwe a Atumwi 16:16-40

Anthu ambiri ayesa kuti ufulu ndi lamulo ndiwo adani, ndi kuti pamene cimodzi cikula cinzace ciyenera kucepa. Mnyamata wotopa ndi malangizo a akulu alakalaka dziko lopanda womletsa. Wolamulira wotopa ndi madandaulo a anthu alakalaka dziko lopanda womfunsa. Onse awiri asokera, ndipo zimene zinacitika m'ndende ya ku Filipi zionetsa njira yoposa.

Paulo ndi Sila anafika ku Filipi, mudzi wa ku Makedoniya wosunga malamulo a Aroma, pafupifupi m'caka ca 50 cibadwire Ambuye. Kumeneko Paulo anaturutsa mzimu woipa mwa namwali wina wa ukapolo, amene ambuye ace analikupindula ndi kuombeza kwace. Poona kuti phindu latha, anthu aja anakokera atumwiwo kubwalo; ndipo oweruza, pomvera phokoso la khamu, anawakwapulitsa osafunsa mlandu, nawatsekera m'cipinda ca m'kati ca ndende, miyendo yao itapanidwa m'mitengo.

I. Pakati pa usiku: mfulu adziletsa

Pakati pa usiku, atumwi alikupemphera ndi kuyimba, cibvomezi cinagwedeza ndende. Zitseko zonse zinatseguka, ndi maunyolo anamasuka. Wandende wina akadati, Mulungu wanditsegulira, andiletse ndani? Koma Paulo anadziwa kuti kuthawa kwace kukadalipidwa ndi mwazi wa munthu wina. Masiku amenewo mlonda wotaya wandende analipira ndi moyo wace, monga Herode anaphetsa alonda a Petro (Macitidwe 12). Msungi wa ndende anali atasolola kale lupanga kuti adziphe, pamene Paulo anamuitana ndi mau akulu, namtsimikizira kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene wacoka. Usiku womwewo munthu uja anatsuka mabala a atumwi, nabatizidwa pamodzi ndi a pabanja pace. Khomo linali lotseguka, koma cikondi cinaletsa mapazi, ndipo banja lonse linapulumuka.

Apa pali muyeso woyamba: munthu ali mfulu kufikira pamene ufulu wace uyamba kupweteka mnzace. Wosaka mbewa amene atentha tchire ati, Ndacita pa malo anga. Koma moto sudziwa malire, ndipo ufika pa nkhokwe ya mkazi wamasiye. Woyendetsa basi pa mseu wa ku Chipata amene athamanga mopyola muyeso ati, Ndidziwa nchito yanga. Koma wanyamula miyoyo imene siiri yace. Lamulo loletsa zotere liri ngati mpanda wa dimba: suletsa ndiwo kukula, uletsa mbuzi kulowa. Pa mudzi pamene ali yense acita monga afuna, mfulu ndiye wamphamvu yekha, ndipo ofoka onse asanduka akapolo ace. Cifukwa cace Paulo yemweyo analangiza Akristu a ku Roma kuti azimvera maulamuliro ndi kupereka msonkho (Aroma 13), nacenjeza Agalatiya kuti ufulu wao ukhale wakutumikirana nao, wosati wakukondweretsa nao thupi (Agalatiya 5).

II. Kutaca: lamulo limanga olamulira omwe

M'mawa oweruza anatuma mau akuti andende aja amasulidwe. Iye amene anakana kuthawa usiku anakananso kuturuka kaceteceti usana. Lamulo la Aroma linaletsa kukwapula mfulu ya Roma mlandu usanaweruzidwe, ndipo Paulo ndi Sila anali mfulu za Roma. Motero Paulo anafuna kuti amene anawanyoza poyera adze okha kudzawaturutsa. Oweruza anagwidwa ndi mantha, nadza, nawapembedza.

Paulo sanacite ici cifukwa ca kunyada kapena kubwezera. Sanasonkhezere khamu, sanatenthe nyumba ya munthu, ndipo atapemphedwa kucoka m'mudzimo anacoka, atayamba walawira abale kunyumba kwa Lidiya. Koma anali kusiya m'mbuyo mpingo waung'ono. Ndipo oweruza akadazolowera kukwapula anthu osalakwa popanda wowafunsa, ndodo yomweyo ikadagwa pa misana ya Akristu otsala. Apa pali muyeso waciwiri: lamulo siliri cuma ca wolamulira, koma iyenso akhala pansi pace. Kumvera kwa Mkristu sikutanthauza kukhala cete pamaso pa cosalungama.

III. Citsanzo ca m'dziko la Zambia

M'caka ca 1955 boma la atsamunda la Northern Rhodesia linakhazika lamulo la Public Order, limene linafuna kuti anthu atenge cilolezo kwa apolisi asanacite msonkhano wa poyera. Atsogoleri omenyera ufulu anasautsidwa ndi malamulo otere, ndipo Dr Kenneth Kaunda anamangidwa m'caka ca 1959. Dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, koma lamulo lija linasungidwa zaka zonse za ulamuliro wace, kufikira 1991, ndipo boma lotsatira linalisunganso. M'caka ca 1995 Dr Kaunda mwini, pamodzi ndi Mai Christine Mulundika ndi anzao ena, anaimbidwa mlandu wa kusonkhana popanda cilolezo. Akale ananena zoona, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Anthu aja anatsata njira ya bwalo, ndipo m'caka ca 1996 Bwalo Lalikulu koposa onse m'dziko linagamula kuti mau ofuna cilolezo anatsutsana ndi Malamulo Akulu a dziko, amene apatsa anthu ufulu wa kusonkhana ndi kulankhula. Pambuyo pace Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo, kuti okonza msonkhano azidziwitsa apolisi nthawi isanafike. Lamulo lopyola malire linakonzedwa ndi lamulo loposa, popanda kukhetsa mwazi. Iyi ndiyo njira ya Paulo ya m'mawa uja.

IV. Mau otsiriza

Mfumu pabwalo, wapolisi pamseu ndi mkulu wa mpingo pa msonkhano akumbukire oweruza a ku Filipi, amene anaopa khamu usana naopa lamulo m'mawa mwace. Aweruze atamva mbali zonse ziwiri, podziwa kuti lamulo limene asula lero lidzagwira ana ao mawa. Mnyamata ndi namwali akumbukire zitseko zotseguka, ndipo asanacite cimene afuna ayambe afunsa kuti adzalipira ndani. Ndipo pamene lamulo la anthu lilamula cimene Mulungu aletsa, Mkristu akane poyera ndi mofatsa, monga Petro anakana pamaso pa akulu a ku Yerusalemu, ali wokonzeka kusenza zotsatira zace.

Mulungu amene anatsegula ndende ya ku Filipi apatse dziko lino olamulira oopa cilungamo, ndi anthu odziwa kudziletsa, mwa Yesu Kristu Ambuye. Amen.